Kamphete Kopanda Chala

Ndinatsika mtsinje wa Nanay masiku awiri,
nditakhalira mikoko ya nthochi za eni,
mpaka ku Iquitos.
Kwathu anandisankha poti ndimalemba zowerengeka
ndipo sindikomoka ndikaona magazi.

Tinalipo khumi ndi anayi m'chipinda cha malata,
fani imodzi ikupukusa mutu ngati ikukana zonse.
Mayi Teodomira Yaicate,
amene diso lawo lakalambira pa maikulosikopu,
anati: Diso likatopa limanama.
Musalembe kuti mulibe
musanayende minda zana limodzi.
Minda yake ndi timabwalo ta kuwala,
tosakwana n'kanjere ka mpunga komwe.

Sabata yoyamba ndinkangoona nsidze zanga.
Yachiwiri ndinaona fumbi n'kulitcha matenda.
Utoto unandilowa m'zikhadabo,
sopo anagonja.

Usiku wina anatikhazika pakhonde la nyumba ya pamitengo,
madzi akunyambita nsanamira pansi pathu,
miyendo pamtunda, tochi m'manja, kapaipi kukamwa:
nyambo tinali ife.
Kumeneko ndinaphunzira kuti udzudzu wa malungo
sutera ngati anzake,
umaima chozondoka, matako m'mwamba,
ngati munthu wofunafuna ndalama
yagwera mumng'alu wa thabwa.

Kenaka linafika tsiku lobayana tokhatokha.
Wanga anali Gumercindo Ahuanari wa kumtsinje wa Tigre,
wanthabwala zosatha,
amene tsikulo anangotambasula dzanja osanena kanthu.
Baya chammbali, osati pansonga.
Dontho loyamba pukuta.
Lachiwiri ulizungulize, lachitatu ulikoke lipyapyale.
Chala chake chinali chotentha,
ine ndinati ndi malatawa.

Munda wa makumi anayi ndi chiwiri.
Kadontho kofiira, kamkombero kabuluu,
kamphete kopanda chala.
Ndinapukuta galasi. Kalipobe.
Ndinasuntha pang'ono: kena. Kenanso.
Ndinaimika mkono mwamanyazi,
poti fumbi linali litandichititsa kale manyazi kawiri.

Mayi Teodomira anawerama nthawi yaitali.
Fani inapukusa mutu kasanu.
Kagalasi aka n'ka ndani?

Ndiye zinatuluka zonse:
usiku utatu akunjenjemera m'neti,
ataluma thaulo kuti tisamve mano akugogoda,
kuopa kubwezedwa wopanda satifiketi,
poti kwawo kulibe wina woti abwere,
ndipo chipatala chili kutali masiku atatu a nkhafi.

Sanamukalipire.
Anamukweza pasikelo, nandipatsa ine botolo:
Wapeza ndiwe, werenga ndiwe.
Awa ndi a tizilombo ta m'magazi.
Awa ndi a tija togona m'chiwindi,
amene anthu amawasiyira panjira thupi likangozizira,
malungo n'kubweranso ngati mwini ngongole.
Manja anga ankanjenjemera kuposa ake.
Mbulu umodzi unagubuduzika pansi pa tebulo,
kalasi yonse inagwada kuufuna.

Mayeso analemba atavala juzi, kunja kukuwotcha.
Anandiposa ndi mamalikisi awiri
ndipo mpaka lero sanasiye kundikumbutsa pa wailesi ya chipatala.

Tsopano ndili kwathu.
Maikulosikopu yanga imadya dzuwa la pakalilole,
mitambo ikabwera ndimadikira nayo limodzi.
Usiku ndimaitsekera m'bokosi kuopa nkhungu.
Kagalasi ka Gumercindo ndinapempha,
kali m'kabati, kokulungidwa m'pepala, dzina lake likufufutika.

Pali masana ena
pamene mabwato asanu amangidwa pamasitepe,
mwana akulira pakhonde, khosi langa lauma gwa,
ndafika munda wa makumi asanu ndi limodzi
wopanda kanthu, mbee,
ndipo cholembera chayamba kale kupendekera
ku mawu aja osavuta.

Ndimachiika pansi.
Ndimatsinzina, n'kutsegula diso linalo.
Mayi wa mwanayo akundiyang'ana pazenera,
akufinyabe kathonje pachala cha mwana wake
ngakhale magazi analeka kalekale.

Makumi asanu ndi limodzi mphambu umodzi.
Mphambu iwiri.