Kodi Ikadali Yomwe Ija?

Mayi wa m'chipinda chachitatu wandifunsa m'mawa uno,
mapiri a ku Songo akutsalira kumbuyo,
kapu ili m'manja, maso ali pa mng'alu wa pasosala:
"Gerevazio, kodi sitimayi ikadali yomwe ija?"

Ndati inde, mayi.
Amandilipira kuti ndizinena inde.

Koma zala zanga zikudziwa.
Chaka chimene ndinayamba ntchito
nsalu za pathebulo zinkalemera ngati chikopa chonyowa.
Tinkasita anthu atatu, wina akuwaza madzi,
wina akuyang'ana ngati ngodya zakumana.
Lero ndimasita ndekha, usiku,
ndipo ndikaikweza kunyale
ndimaona nkhope ya wophika kuseri kwake.

Eni ake atsopano, a ku Maputo, akuti palibe chasintha.
Anatumiza kapepala konyezimira:
dzuwa likulowa ku Chicoa, mvuu itayasamula,
ine nditavala jekete yoyera ya mabatani asanu ndi limodzi.
Jekete ilipo. Mabatani atsala anayi,
ndipo limodzi ndinathothola pa malaya a malemu bambo anga.

Zinthu sizigwa ngati mlambe, kamodzi, mudzi wonse n'kumva.
Zimaphwa ngati madzi a m'damu m'chilimwe,
lero chala chimodzi, mawa china,
mpaka tsiku lina mwaona chitsa chakuda
pamene dzana tinadutsa osacheuka.

Fulujensio wa gitala anamuchotsa, anaika kawayilesi.
Batala anasanduka majarini, osatsanzika.
Pende tinkagula kwa asodzi a ku Mágoè akuphiriphithabe m'bwato;
tsopano nsomba imabwera m'katoni, youma gwa ndi chisanu,
yochokera kudziko limene sinditha kulitchula,
pamene anzake akusewera pansi pa mapazi athu.
Mtengo wa tikiti wokha ndiwo ukunenepa.

Chikhala kuti zonse zaola, ndikanalongedza chikwama.
Chopweteka n'chakuti Lachiwiri lapitali
Anastansia anawotcha mbuzi, nathira msuzi wa masawu,
mphepo inagona, jenereta inaimba bwino,
ndipo mkulu wina wa ku Beira anaika foloko pansi
n'kupukuta m'maso.
Lachitatu, sitima yomweyi, manja omwewa:
vinyo wofunda ngati madzi osamba,
mpope wa m'bafa ukutsokomola dzimbiri,
kamnyamata kolembedwa sabata yatha
kakuthira khofi m'tambula.
Sindinakakalipire. Ndani anakaphunzitsa?
Ife tinaphunzira miyezi itatu tisanakhudze mbale.
Iko anakapatsa apuloni padoko.

Ndiye mlendo akakwera amakhala ngati waponya mbedza:
mwina akola ulendo wakale, mwina nsapato.

Madzulo, tikuyandikira ku Zumbo,
mayi uja wandiitananso.
Uno ndi ulendo wake wachisanu ndi chiwiri.
Maulendo asanu oyamba anali ndi amuna ake,
aja ankapempha ndimu ziwiri, osati imodzi.
"Kapena ndine ndasintha," watero.
"Mwina lilime ndi limene lakalamba."

Pamenepo inde wandikanira pakhosi.
Munthu kudziimba mlandu chifukwa cha majarini!

Ndatsikira kuchipinda changa pafupi ndi injini.
Pansi pa matiresi ndimasunga nsalu imodzi yakale,
yolemera ija, imene anati tikataye.
Ndaisita pang'onopang'ono, ndikudziwazira ndekha madzi,
ngodya ndi ngodya mpaka zakumana.
Ndasankha sosala yopanda mng'alu,
zatsala zinayi, ndimazidziwa ngati ana.
Ndadula ndimu ziwiri.

Wakhala pansi, wayala chikhatho pansalu,
sanachichotse kwa nthawi yaitali.
Kunja nyale za asodzi a kapenta zayamba kuyaka.
Sanandifunsenso.
Ine ndaima kumbuyo kwa mpando wake,
dzanja langa litaphimba pamene pakusowa batani.