Kamphete m'Madzi Ofunda

Usiku wapita kale kuno ku Ankara,
chipale chofewa chakwirira denga la labotale,
ndatsala ndekha ndi kamphete kanga
kodulidwa pa kholingo la mbira,
kolenjekeka pa ulusi m'madzi amchere ofunda ngati magazi.
Mwini wake wafa madzulo.
Mnofuwu sunamvebe za malirowo.

Ndidontheza adenosini,
dontho lopanda mtundu, lopanda fungo.
Mzere wa pa kompyuta unyamuka, ukwera chitunda:
kamphete kakungika, kafinya njira ya mpweya
ngati dzanja la munthu wokana kubweza chenje.
Ndidikira. Ndiwonjezera.
Mzere womwewo uyamba kutsetsereka,
nyama ilekerera, lende,
ngati yakumbukira kuti panalibe mlandu.

Mphunzitsi wanga, Mayi Şükran, amati
ameneyu ndi mlendo mmodzi wogogoda makomo anayi.
Akalowera khomo lina nyumba imakunga chibakera,
akalowera lina imamasula lamba n'kupumira m'mwamba.
Ndiye m'makoma mumagonanso maselo a mtima wapachala,
amene akangomva odi
amakhuthula ukali wonse m'njira, njira n'kutupa.
Ndinawafunsa kuti nanga mlendoyu n'ngwabwino kapena n'ngoipa.
Anangopukuta magalasi awo.
Funsa nyumbayo, anatero.

Sachokera kutali.
Thupi limam'phika lokha,
ndi phulusa la mphamvu imene selo lawotcha,
kalata ya wotopa yoti chepetsani liwiro, ndathodwa.
Ine nditam'kokera m'mapapo anga, zii, ngati nkhungu chabe.
Koma bambo anga a Nurettin,
othyola tiyi m'mapiri a mvula ku Rize,
chifuwa chawo chimawerenga kalata yomweyo chozondotsa.

Ndinakula ndi likhweru lawo.
Linkadutsa khoma la matabwa mbandakucha,
tswii potuluka, tswii,
munthu atagwira mphuthu ya zenera, mapewa ali m'makutu.
Amayi sanamvepo za makomo anayi.
Ankangotereka tiyi wakuda bii, wowawa,
m'kagalasi kowonda m'chiuno, kachiwiri, kachitatu,
osadziwa kuti m'masambamo muli wina
wokhala pakhomo, wouza mlendo kuti eni ake kulibe.

Foni ilira pambali pa mabotolo.
Ndi Tayfun, mlongo wanga, mawu ake ali njenjenje.
Ali kuchipatala. Mtima wa bambo wathawa,
ukugunda ngati injini ya boti yosiyidwa yokha,
dokotala wakoka kale mankhwala m'jakisoni,
akuti amaimitsa mtima kamphindi kuti uyambirenso bwino.
Dzina lake? Ndiwerengere pa botolopo.
Awerenga mojejema, chilembo ndi chilembo,
dzina lomwe lili pa botolo la m'dzanja langa.

Auze ali ndi mphumu!
Ndakuwa mpaka mlonda wasuzumira pakhomo.
Tayfun, auze za chifuwa, auze tsopano!

Phokoso la nsapato. Chitsulo chigwa m'mbale.
Kenako mawu a mayi wina, odekha, a tulo tochepa:
Taona kale kopopera m'thumba la jekete lawo, mwanawe.
Tabweza. Titenga njira ina.

Ndikhala pansi pa simenti yozizira.
Foni sindidula.
Kumbuyo kwa mawu onsewo ndikusaka chimodzi,
ndipo ndichipeza, chochepa, chokhakhala pang'ono:
mpweya ukulowa,
mpweya ukutuluka wopanda likhweru.

Pamwamba panga thovu likukwerabe m'madzi.
Ndidzuka, nditsuka kamphete katatu ndi madzi atsopano,
mzere ubwerera pamene unayambira, phee.
M'buku ndilemba nthawi, muyezo, kutalika kwa chitunda.
Pali mpata wa ndemanga pansi pake.
Cholembera chiima pamenepo nthawi yaitali,
kenako ndipita kukatereka tiyi.