Bokosi la Lachinayi

Pakhoma la chipinda changa, pamwamba pa ketulo,
ndinamata ndandanda wa sabata yonse.
Ndinaujambula ndi lula wobwereka kwa Tsilizani,
mizere yowongoka ngati munda wa mtedza ku Kamwendo.
Lolemba akaunti. Lachiwiri akaunti, kenako kwaya.
Lachitatu laibulale mpaka mlonda ayambe kugwedeza makiyi.
Bokosi lililonse ndinalidzaza mpaka pakhosi
kupatula limodzi,
la Lachinayi, folo koloko mpaka faifi.
Limenelo ndinalisiya loyera,
pakona pake ndinalemba ndi pensulo kuti: langa.

Sabata yoyamba analitenga a Kanyumbu.
Akuti phunziro la Lolemba linapita ndi maliro,
tilibweze Lachinayi, wojomba adziwa yekha.
Sabata yachiwiri Mwatitha wa netibolo
anatsekereza khomo, mpira uli m'khwapa:
"Iwe, miyendo yonseyo
Mulungu anakupatsa kuti uziipinda pansi pa desiki?"
Ndinapita. Ndinagoletsa zinayi, ndinathyola chikhadabo.
Yachitatu kunabwera mbande za mibawa mazana awiri
ku kalabu yathu ya zachilengedwe,
zonse zaludzu, ndowa ili imodzi,
mlembi wa kalabuyo ndili ine
chifukwa tsiku losankhana ndinachedwa kutsitsa dzanja.

Amayi akaimba foni safunsa za chikhadabo.
"Ukuwerenga, mwana wanga?"
Ndikuwerenga, amayi.
Matumba asanu ndi awiri a soya anakwera ngolo
kuti ine ndikhale pa mpando uno,
ndiye ola lililonse ndikangokhala chete
ndimamva nyemba zikutayikira pansi
kuchokera pa kabowo ka thumba.

Usiku wina magetsi atathima,
tochi ya foni ili pamano,
ndinalimbana ndi buku la ndalama mpaka tambala.
Mbali ya zolowa ndi mbali ya zotuluka
zinakana kugwirana chanza.
Ndinawerengetsa kasanu. M'mawa ndinapeza
kuti m'danga la ngongole
ndinalembamo mzere wa nyimbo ya kwaya,
ndipo tsaya langa linali ndi chidindo cha waya wa kope.
Tsilizani anaseka mpaka kukhala pansi.
Atamaliza anandiyang'anitsitsa, osasekanso.

Lachinayi lotsatira ndinathimitsa foni.
Ndinatulukira kuseri kwa khitchini ngati wakuba nkhuku,
ndinadutsa msika, ndinadutsa a kabaza akuitanira,
malole a ku Mwami akufwenthera fumbi pamsewu,
mpaka kunjanji,
kumene udzu wamera pakati pa zitsulo
osapempha chilolezo kwa aliyense.
Ndinagula nzimbe imodzi. Ndinakhala pansi.

Sindinawerenge kanthu.
Sindinaimbe, sindinathirire mtengo wa munthu.
Mbuzi ina inandiyang'ana, inaona kuti ndilibe phindu, inapita.
Utsi wa lupsa unkakwera mapiri a Mchinji mosafulumira.
Chikumbumtima chinabwera ndithu,
chinakhala pambali panga ndi fungo la soya,
ndinachibenthulirako mfundo imodzi ya nzimbe,
tinatafuna tonse, osalankhulana.
Kenako ndinamva phewa langa likutsika
kuchoka kukhutu kumene linakhala miyezi iwiri.

Ndinalipira, musaganize kuti zinali zaulere.
Gawo loimba ndekha analipereka kwa Dziwani,
amene amayamba mochedwa ndi kupuma pakati pa liwu.
Mbande zisanu ndi imodzi zinafota.
Mwatitha sanandipatse moni mpaka Loweruka.
Koma buku lija usiku womwewo linagwirana:
panali ziro mmodzi amene ndinkamudumpha
ngati mnansi amene ndili naye ngongole.

Tsopano pensulo ija ndadutsitsapo bolopeni.
Dzulo a Kanyumbu alengezanso
kuti Lachinayi, folo koloko, pali kubwereza za mayeso.
Ndaima kutsogolo kwa khoma, ketulo ikuwira,
ndikuyang'ana kabokosi kaja,
kakang'ono ngati chitseko cha khola la nkhunda,
ndipo sindinayankhebe.