Umboni wa Wothamangitsa Mbuzi

Ntchito yanga ndi kuthamangitsa mbuzi.
Ndege ikamveka kuseri kwa phiri la Kasungu
ndimatola chibonga n'kuzungulira bwalo lonse
kuti mawilo atere pa udzu wopanda nyanga.
Zaka khumi ndi zinayi. Palibe mbuzi inafapo.

Loweruka lija Gelesomu anafika mochedwa,
magalasi akuda ali kumaso kunja kuli mitambo,
kolala imodzi itapindikira m'kati.
Anandipatsa moni kawiri
ngati woyamba uja anapatsa munthu wina.
Mpweya wake unandipeza dzanja lisanafike:
fungo la dzulo losagona,
lothiridwa lina la m'mawa pamwamba.
Makiyi anamupulumuka. Ndinatola ndine.
Lembani zimenezo, bwana, ndinatola ndine,
ndinawapukuta fumbi pa buluku langa
n'kumupatsa ndi manja awiri.

Pambuyo pake panali Tisungeni,
kalaliki wa pasikelo ya fodya ku esiteti,
atavala nsapato zimene ankasungira tchalitchi.
Anali asanakwerepo.
Anandifunsa ngati kumwamba kumazizira.
Ndinati kaya, mwana wanga,
ine nzeru zanga zimathera pa mawilo.

Kunyamuka ananyamuka bwino, ndisaname.
Koma m'malo molunjika ku Lilongwe
anakhotera ku bwalo la mpira
kumene anyamata ankalimbirana mbuzi ya mphotho.
Ulendo woyamba anadutsa pamwamba pa zigafa,
udzu wa padenga unaima ngati tsitsi la wamantha.
Anthu anakuwa, anaomba m'manja.
Wachiwiri anatsika mpaka goloboyi anagona chafufumimba,
amayi a mandasi anakumbatira mabeseni,
fumbi linalowa m'mano.
Anaombanso m'manja. Zimenezi pamaliro sananene.
Wachitatu
phiko linapeza bulugamu
amene anaima pamenepo Gelesomu asanabadwe.

Sindinaone. Ndinamva.
Injini imene ndinkaidziwa ngati chifuwa cha mkazi wanga
inangoti zii pakati pa mawu,
kenako ngati wina wagwetsa malata a sitolo yonse,
kenako agalu.

Ndinafika pa njinga yobwereka.
Utsi unkanunkha mafuta ndi masamba a bulugamu,
fungo lija timafukiza mwana wa chimfine.
Nsapato imodzi inali mumzere wa mtedza,
yosapsa, lamba wake ali chimangire.
Kamwana kena kanafuna kutola,
amake anakamenya padzanja.

Inu mwabwera ndi tepi yoyezera ndi mafomu.
Mwafunsa malita, mwafunsa kumene mphepo inkachokera,
mwafunsa ngati pabwalo panali chiweto.
Panalibe, bwana. Mbali yanga inali yoyera.
Koma fomu yanuyi ilibe mzere wa mphuno.
Ilibe pofunsa kuti munthu wa chibonga
amamuuza bwanji wa mizere pamapewa kuti
lero ayi, khalani pansi, imwani madzi.
Mawuwo ndinali nawo. Anafika apa, pakhosi,
anakumana ndi lendi ya nyumba
ndi fizi ya Yosofati wanga,
n'kubwerera.

Amayi ake a Tisungeni amagulitsa tomato pa depoti.
Ndimazungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutsepo.
Sandidziwa.
Tsiku lina ndinaiwala, ndinapezeka ndaima pamulu wawo,
anandiikira awiri a basera,
anati mukuoneka wotopa, bambo.
Anaolera pawindo. Mkazi wanga sanafunse.

Bulugamu uja anamudula, akuti ngoopsa kwa ndege.
Chitsa chaphukira kale.

Usiku ndimawerengera, ngati wosintha ndalama:
ndikanaponya makiyi aja m'thengo,
kumene ndimaponyera miyala mbuzi zikachita makani,
Gelesomu akananditukwana mtundu wonse,
Lolemba akanandichotsa ntchito,
ndipo Lamulungu m'mawa
Tisungeni akanapita ku tchalitchi ndi nsapato zonse ziwiri,
atandikwiyira.