Ongokhala

Anandituma ndi kaundula kukawerenga apantchito,
bokosi ili la abambo, ilo la amayi.

Pa boma la Kasungu sizinavute.
Esinala wa m'golosale anatchula malipiro ake
uku akubweza chenji,
akabaza pa depoti nkumalimbirana
kuti dzina liyambe la yani.

Koma cha ku Chinkhoma,
kumene malole amagona pamzere kudikira okushoni,
ndinapeza Nankhoma m'chigafa,
zala zili bii ndi utomoni wa fodya,
mwana akuyamwa cham'mbali.
"Mayi, mumagwira ntchito?"
"Ayi, ine ndimangokhala.
Apantchito ndi a Yosefati,
alawira kukamva mitengo."

Ankayankha akusankhabe masamba,
lofiira uku, lowauka uko,
mulu utafika m'chiuno.
Nazale anathirira ndi iye,
kudulira mitu, kusoka, kupachika.
Pa belo dzina lake palibe.

Ndinachonga momwe anandiuzira.

M'minibasi yobwerera, titadutsa pa rodibuloko,
ndinatsegulanso pepala lija.
Pamene anagwira pondilozera
chala chake chinali chitadinda,
chomata, chonunkha fodya,
pakatikati pa bokosi la ongokhala.