Makiyi a Nyumba Yogumuka

Kalata inafika Lachiwiri, mvula ya ku Recife
ikuthyola maambulera mumsewu wa Aurora.
Masamba khumi ndi anayi, chidindo cha maloya a ku São Paulo,
ndi dzina la mlongo wanga, Ubiratan,
m'zilembo zikuluzikulu ngati za pachiliza.

Mlandu wake ndi uwu:
anaphunzitsa kompyuta kunama.
Zaka zisanu ndi ziwiri, akaweruka ku depoti ya mabasi,
ankainong'oneza mpaka mbandakucha:
iwe sindiwe kompyuta,
ndiwe kabokosi kotuwa kamagemu kaja
bambo anatigulira pangongole,
kamene kanapsa ndi mphenzi ndili ndi zaka khumi.
Usiku wina kompyuta inakhulupirira.
Kanyimbo kakale kanalira, nti-nti-ntii,
kamunthu kachipewa kobiriwira kanadumpha ngalande,
ndipo mwamuna wandevu zaimvi
analira chogwira pakamwa kuti ana asadzuke.

Kukhoti loya wa kampani anali mtsikana waulemu,
Dona Jussara, nsapato zonyowa ngati zathu.
Anati: makiyi otsegulira magemu ndi athu,
loko tinaika dala.
Ubiratan anati: kaseti ndi yanga, lisiti nali,
fakitale munatseka kalekale,
ndiye ndiisewere pa chiyani, pa mbaula?
Anthu anaseka. Woweruza sanaseke.

Kenaka mtsikanayo anawerenga nambala.
Gemu yatsopano, yosafika n'komwe m'sitolo,
anthu zikwi mazana anaikolopola ulere
kudzera pakhomo limene mlongo wanga anaboola.
Anatchula ojambula, oimba, olemba nkhani,
ena a iwo atachotsedwa kale ntchito.
Ndinayang'ana pansi.
Paja mwana wanga Cauã ali m'gulu la zikwizo,
ndinamuona ndi maso angawa, ndinangomuuza achepetse voliyumu.

Ndani mwini wake wa nyumba yogumuka?
Womanga, amene anasamuka koma makiyi ali m'thumba,
kapena ife amene tinakuliramo,
odziwa pamene denga linkadontha?
Woweruza anafunsa katswiri kuti emyuleta n'chiyani.
Katswiri anati: ndi munthu wotsanzira mawu a malemu.
Loya anati: akutsanziranso amoyo, bwana, ndipo salipira.

Sanadikire chigamulo.
Mlandu suola, koma thumba limaola msanga.
Anasayina pakhonde, pepala atatsamiritsa pabondo:
chindapusa choposa mtengo wa nyumba ya amayi,
lonjezo losakhudzanso ntchitoyo mpaka imfa,
ndi chiganizo chopepesa chimene analemba ndi ena.
Madzulo anafufuta zonse. Zaka zisanu ndi ziwiri
zinatenga nthawi yowiritsira khofi.

Kutacha, akuti pulogalamu ija yaphukira kwina,
ku Manila, ku Gdańsk, ndi mayina achilendo,
ngati chinangwa chodulidwa n'kutayidwa padothi lonyowa.
Iye sakufuna kumva.
Wabwerera ku mabasi, amawerenga matayala.

Makaseti ali kwa ine, m'katoni ya nsapato.
Nthawi zina ndimatulutsa imodzi,
ndimaiuzira mpweya kunsi monga tinkachitira,
ngakhale palibe poilowetsa.
M'kati mwake muli gemu yomwe bambo anasiyira pakati,
dzina lawo m'zilembo zitatu, GEN,
ndi miyoyo iwiri yotsala.
Lamulo likuti pulasitiki ndi yanga.
Za miyoyo iwiriyo
palibe loya amene wandiyankha.