Chikasu cha Mayi Hansaben

Ku Moatize dzuwa limapsereza ndi mthunzi womwe.
Fumbi la malasha limalowa m'mano,
m'chikho, m'chifuwa cha mlongo wanga Sitefano
amene usiku amakhosomola ngati injini yokana kulira.

Ine ndimaphika kwa Mayi Hansaben, kuseri kwa sitolo ya nsalu.
Chinyanja sachidziwa, Chipwitikizi chawo n'chothyoka ngati changa,
ndiye timalankhula ndi zala:
chikasu pang'ono chonchi,
jinja wosinja, adyo wapamtondo,
tinjere takuda tothetheka m'mafuta mpaka tonse tiyetsemule.
Amati m'mimba muli moto,
usauzime ndi madzi ozizira, usausonkheze ndi nkhuni zaziwisi.
Ikafika Okutobala amandibisira tsabola,
amamwa chambiko chosungunula, chowaza kamchere.

Tsiku lina ndinaseka mpaka misozi:
ndiwo yawo yaulemu, imene amaitcha dalo,
kani ndi nandolo!
Yemweyo timagulitsa pa sikelo yobera ku Zobwe,
wangovula khungu n'kuvala chikasu.
Bwemba naye alimo, uja ana amagenda popita kusukulu.

Loweruka anandiona maso ali psuu, osagona.
Sanafunse. Anakulunga kaphukusi m'nyuzipepala,
naloza mkaka, naloza moto, nadzigwira pakhosi.

Sitefano anamwa atatsinzina, nati ukununkha dothi.
Sindinena kuti anachira.
Kuchipatala akupitabe, mapiritsi akumwabe,
sitima ya malasha ikudutsabe.
Koma usiku umenewo anagona mpaka tambala wachiwiri,
ine ndili pakhomo phee,
kuyang'ana zikhadabo zanga zachikasu
zimene sopo walephera kuyeretsa.